Mbiri ya a Stanislaus, Amene Anayamikira Chule

Malemu bambo Stanislaus Mwalukanga anabadwa pa 14 Meyi, 1926, m'mudzi wa kwathu kufupi ndi Kasisi, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Matthias, mng'ono wawo wopondana nawo. Achibale andituma kuti ndinene za moyo wawo, komanso nkhani imodzi imene yatikhala kukhosi pafupifupi zaka ziwiri, ya thebulo limene mlamu wanga, mayi Juliana, analandidwa pa msika wa kwathu kuno chifukwa cha mawu a amuna awo. Ndifikapo pa nkhaniyo. Amene mwayamba kale kutembenuka pa mipando, khalani bwino.

Mu 1935 malemu anayamba sukulu pa mishoni ya Kasisi ndipo analekezera Sitandade 4. Analinso otumikira pa Misa. Kumeneko ndi kumene anagwidwira ndi nthenda yawo yokonda zilembo. M'buku lalikulu la pa guwa, chilembo choyamba cha pemphero chinkakhala chofiira, chokulungidwa ndi timasamba, ndipo iwo ankachiyang'ana mpaka kuiwala kuliza belu. Ansembe anawakoka khutu kangapo, koma nthendayo sinachoke.

Mu 1947 anapita ku Lusaka, kumene analembedwa ntchito yoperekera katundu wa sitolo pa njinga. Anagwira mokhulupirika zaka zoposa makumi awiri, ndipo palibe anawatchulapo za kuba ngakhale msomali. Chowadandaula chinali chimodzi, kuchedwa. Akapeza munthu ali pa makwerero kulemba chikwangwani cha sitolo, ankatsamiritsa njinga pa mtengo n'kuimirira pansi pake mpaka chilembo chithe. Ndinene poyera kuti malemu sanali wojambula, ndipo sanadzitchepo wojambula. Dzanja lawo linali la khasu ndi chiwongolero cha njinga. Chimene Mulungu anawapatsa ndi diso, pamodzi ndi pakamwa posadziwa kusunga zimene diso laona.

Pa 7 Juni, 1952, anamanga ukwati woyera ndi mayi Juliana m'tchalitchi cha Kasisi. Mulungu anawapatsa ana asanu ndi awiri, ndipo awiri anatsogola adakali aang'ono.

Mu Okutobala 1964, dziko litalandira ufulu, malemu anabwera kumudzi ndi kambendera ka pepala, n'kuzungulira nako nyumba ndi nyumba kuonetsa anthu nkhwazi ya pamenepo. Ankati amene anaika mbalameyo pakona, osati pakati, anali munthu woganiza, chifukwa anaisiyira malo ouluka. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kuti mbalameyo anaikonda ena mwa inu musanabadwe.

Mu 1969 anasiya ntchito n'kubwerera kuno kudzalima chimanga ndi ndiwo zamasamba. Amene munalowapo m'nyumba mwawo mukukumbukira zipupa zija, zodzaza makalendala a zaka zakale, mapepala omatula pa zitini ndi zivundikiro za machesi. Mlendo sankapatsidwa mpando asanaonetsedwe kuti ichi n'chabwino, ichi anachiononga. Itafika nyengo ya zilembo zonenepa, zimene achinyamata ankalemba pa mabasi ndi pa mabala, malemu ankati zatupa ngati zalumidwa ndi njuchi, koma patapita chaka anavomera kuti zimawerengeka patali. Zimene sanazikhululukire ndi za stensulo, zija amaboola pa lata n'kungopaka penti pamwamba, mwakuti masitolo onse anayamba kufanana. Ankaima pakhomo pa sitolo, mwini wake akumva, n'kunena kuti, “Ivi si vilembo, ni masoja pa pelete.” Eni masitolo ankaseka, ena n'kuwagulira fanta, chifukwa aliyense ankadziwa kuti mkuluyo sadana ndi munthu.

Mu 1976 mayi Juliana anapatsidwa thebulo pa msika, ndipo amuna awo anawalembera chikwangwani ndi dzanja lawo, chokhacho chimene analembapo moyo wawo wonse. Anayamba ndi zilembo zikuluzikulu, thabwa n'kuwathera, zotsalazo n'kuzipanikiza kumapeto ngati anthu m'basi ya ku Lusaka. Tinawaseka mwezi wathunthu, iwonso akuseka nafe. Thebulo limenelo ndi limene linaphunzitsa ana ali apawa.

Tsopano ndafika pa Okutobala 1988, nyengo ya masankho. Pa chipupa cha chigayo panamatidwa pepala lophunzitsa anthu kuvota, mbali ina nkhwazi ya ovomera mtsogoleri wa dziko, mbali ina chule wa okana. Malemu anabwera ndi thumba la chimanga pa njinga, nalitsitsa, naima patsogolo pa pepalalo monga ankaimira patsogolo pa pepala lililonse. Amene analipo akuti ananena kuti, “Uyu chule banamujambula bwino maningi, onani maso, ali monga azalumpha manje manje. Koma nkhwazi banaifulumizila, mukosi uli monga wa nkhuku yonyowa.” Mawu ake anali omwewo, sanawonjezepo kanthu. Anagayitsa chimanga chawo n'kubwerera kunyumba, osadziwa kuti wina wathamanga kale kukanena.

Patangopita masiku ochepa anaitanidwa ndi akuluakulu ena a chipani a m'dera lino. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, wa khadi la chipani m'thumba, anakhazikidwa pansi pa dothi, ana a msinkhu wa ana ake ali pa mipando. Anawauza kuti abweze mawu. Malemu anayankha mwaulemu kuti voti yawo ndi ya nkhwazi monga kale lonse, ndipo anapepesa ngati akhumudwitsa wina. Akanalekera pomwepo bwenzi nkhani itatha. Koma atawafunsa ngati tsopano akuvomera kuti nkhwaziyo inajambulidwa bwino, anayang'ananso pepalalo nthawi yaitali, n'kunena kuti, “Ba Chairman, voti nizapasa, koma mukosi ni woipa.” Ife abale awo tinawakalipira madzulo ake kuti bwanji osangovomera. Anatiyang'ana modabwa, n'kutifunsa ngati khosilo ifeyo tinaliona.

Poona kuti nkhalamba alibe poigwira, anthu aja anakagwira mkazi wake. M'mawa wina mayi Juliana anapeza tomato wawo atamwazidwa pansi, chikwangwani chili m'ngalande, pa thebulo pataima munthu wina. Mayiwa sanayang'anepo chule, ngakhale pa chigayo tsikulo sanafikepo. Kuyambira pamenepo akhala akugulitsira m'mphepete mwa msewu, pa thumba loyala pansi, fumbi la magalimoto likuthira pa repu, mvula ikabwera n'kuthawira pansi pa mtengo. Zimenezi zimatipweteka, ndipo tikunena pamaso pa bokosi ili kuti zinali nkhanza.

Malemu anapita kukapempha kambirimbiri, chipewa chili m'manja, ndipo yankho linali lakuti mubwere sabata yamawa. Ana a m'njira anaphunzitsidwa kulira ngati achule iwo akamadutsa. Mwana sayamba yekha zotere, amamva kwa akulu. Pofika Khirisimasi ya chaka chimenecho anamatula makalendala onse m'nyumba n'kuwaika m'thumba la feteleza. Tikamayenda nawo n'kudutsa chikwangwani chatsopano, tinkachita dala kuwafunsa maganizo, koma ankangoyang'ana pansi. Munthu amene ankatitopetsa ndi zilembo tinayamba kumupempha kuti atitopetse.

Mu Febuluwale chaka chino, 1990, anayamba kudwala kuthamanga kwa magazi. Mu Juni anagwa m'dimba, mbali ya kumanja n'kufa, ndipo tinawatengera ku chipatala chachikulu ku Lusaka. Madokotala ndi anamwino anayesetsa, tilibe nawo chifukwa. Kumeneko, moyang'anana ndi bedi lawo, kunali pepala lophunzitsa kusamba m'manja. Tsiku lina anakodola mwana wawo Clotilda, n'kumunong'oneza ndi mbali ya pakamwa imene inkagwirabe ntchito kuti pepalalo lachuluka mawu, munthu wodwala sangalimalize. Clotilda anatuluka panja kukalira, poti anaona kuti bambo ake abwerera mwakale. Sabata yomaliza sanalankhulenso za mapepala. Aliyense wobwera kudzawaona ankamufunsa chinthu chimodzi, ngati Juliana wabwezeredwa thebulo. Sitinawanamize, chifukwa iwo sanatinamizepo. Anatisiya Lolemba, pa 6 Ogasiti, 1990, ali ndi zaka 64.

Dzulo anthu a chipani omwe aja anafika pa siwa ndi nsalu yoti tifunditse bokosi, napemphanso mpata woti alankhule kumanda. Banja lakana zonse ziwiri. Nsaluyo taipinda bwino, ili pa mpando kumbuyo kwa nyumba, eni ake aitenge popita. Ena andilangiza kuti pa maliro sanenerapo milandu, ndiponso kuti ndisamale, masiku ano makutu ndi ambiri. Ndawamva. Koma mlandu suola, ndipo ine pa msinkhu uno chimene mungandilande ndi ndodo yoyendera.

Malemu asiya akazi awo mayi Juliana, ana asanu, omwe ndi Oswald, Clotilda, Sanford, Magdalena ndi Virginia, adzukulu khumi ndi anayi, mlongo wawo mayi Mainess a ku Nkomeshya, ndi ine. Tikuthokoza ansembe athu, amene anawadzoza ali m'chipatala, akhristu a mphakati wathu amene agona nafe pano, a kwaya, ndi anyamata amene akumba manda. Tikuthokoza bambo Yotam, amene anapereka ngolo yawo tsiku limene malemu anagwa m'dimba, osafunsa kuti anthu ati chiyani. Mwapadera tikuthokoza amayi amene munkadutsa msika wonse, tomato ali mbwee pa matebulo, n'kukagula wa fumbi kumsewu. Tikukudziwani mmodzimmodzi.

Chotsala ndi ichi. Maliro akatha, Loweruka loyamba mayi Juliana akalowa mu msika ndi dengu lawo, ndipo ife tonse a banja lino tikakhala pambuyo pawo. Sitikanyamula ndodo, sitikatukwana munthu. Tikaima pa malo awo aja mpaka thebulo libwerere kwa mwini wake, likapanda kubwerera tikaimanso Loweruka linalo. Inu amene mwalira nafe lero, mukudziwa kumene mungatipeze.

Akulu anga a Stanislaus, funso limene munapita nalo osayankhidwa latsala m'manja mwathu, inu musavutike nalonso. Ambuye akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.