Ng'ala ya Adalaivala

Dzulo pamzere wa kuchipatala cha maso, ine makutu anali kwa abambo ena ongoimirira n'kukhalanso, ndi amayi omatidwa diso limodzi.

"Mzerewu sukuyenda, mayi. Ine ndikungofuna mankhwala odontheza, chifungachi chichoke."

"Ng'ala sichoka choncho, bambo. Adokotala anandiuza kuti m'kagalasi ka diso muli timapuloteni tolondera tinzake kuti tisaundane ngati dzira pamoto. Tolonderato tikatopa, kagalasiko kamachita mbuu."

"Ndiye angondiwonjezera tina."

"Mwayesa n'tapamsika? Pamenepo ndi opaleshoni basi."

"Abwana akamva zimenezo, ntchito yatha. Komanso msewu ndimaudziwa pamtima."

"Mumayendetsa chiyani?"

"Basi ya ana asukulu. Moti akuweruka posachedwa, ndipite."

"Taimani kaye, bambo. Sukulu yake iti?"