Tsiku Limene a Sajeni Anavula Jombo

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, ndine Nambewe wa ku Chawama. Malemu amayi anandichenjeza ndili mtsikana kuti, "Mlendo akabwera akumwetulira n'kumafunsa za magazi, tseka chitseko." Mawuwo ndawasunga mpaka ndaona zidzukulu.

Amuna anga, a Sajeni Banda, anapuma usilikali kalekale, koma jombo sanazisiye, ndipo sazivula pamaso pa munthu. Chaka chatha mwendo wakumanzere unayamba kuwavuta. Akayenda pang'ono katumba ankagwira ngati wamangidwa ndi waya, phazi lili zii kuzizira. Ku kiliniki tinapita mpaka ndinatopa. Ukhale pamzere kuyambira m'mawa, ukalowa akufunsa, "Mumvera bwanji, mudala?" Iwo, pokhala msilikali, "Pang'ono chabe." Basi, panado, bwererani kunyumba. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana phazilo. Ine ndinkadziwa kuti chala chaching'ono chada ndipo chayamba kununkha, koma ndikati nditsegule pakamwa, a Sajeni ankandiyang'ana ndi diso la pa perete.

Aneba nawonso, wina akuti anaponda mankhwala, wina akubweretsa mafuta odzozedwa, onsewo maso ali m'nyumba mwanga kufuna nkhani. Ine ndinkangolira kwa Mulungu kuti mwendo uwu akaudula, ndidzawabereka ndi msana uti popita kuchimbudzi, madzi a mvula atadzaza pabwalo?

Tsiku lina kunabwera namwino wachitsikana ndi chikwama, akuti akuchita kafukufuku wa mitsempha ya magazi mwa asilikali opuma. Nditangomva za magazi ndinaima pakhomo. Koma a Sajeni atamva za asilikali anakuwa ali m'kati, "Mleke alowe!" Ndinakhala pafupi, maso pa chikwamacho.

Mtsikanayo anati, "Ba Sajeni, ngati simufuna, kanani. Koma mukavomera, lamulo ni lakuti tipima pa kakolo. Vulani jombo."

Lamulo! Ine kuwachonderera konse kuja kunyumba kuti avule aonetse phazilo, osadziwa kuti msilikali amamva zimenezo. Anavula pomwepo.

Namwinoyo anaika kachipangizo pa kakolo kuti amve magazi. Kumanja kunkamveka fuu, fuu. Kumanzere chete. Anatitumiza msanga kuchipatala chachikulu, ndipo madokotala anatsegula mtsempha umene unatsekeka. Chala chinapita, koma mwendo unatsala, ndipo lero a Sajeni akudziyendera okha.

Ndikuthokoza Mulungu amene anadutsitsa thandizo pakhomo limene ine ndinatseka. Koma mtima ukuwawabe. Zoona mpaka pachite kubwera kafukufuku kuti munthu ayang'ane phazi la wodwala? Chala chija chikanakhalapo. Inu amene mukusamala odwala ouma mutu, musatope, ndipo musakhulupirire "pang'ono chabe" wawo. Avuleni nsapato.

Chilonda sichinapoleretu, ndipo ndikuchitsuka ndekha. Mukamadutsa ku Chawama mudzationeko. Koma mugogode ndi kutchula dzina, chifukwa ndiyamba ndasuzumira pawindo.