Chisoti Chinatsala M'manja Mwanga

Aulutsi, muwerenge mondipirira, kulembaku ndinaphunzira imvi zitamera kale.

M'masiku a makadi a chipani, achimwene anga anabwerako ku Joni ndi njinga yolimba ya maulendo ataliatali komanso chisoti cha kumgodi. Sankapalasa osachivala. Pa Lirangwe anzawo ankawaseka: "Bwanawe, m'phika wa alamu waubiranji?" Iwo ankangoti, "Sekani, koma mutu sagulitsa kwa mmwenye."

Tsiku lina anandikweza pakaliyala, ulendo wa ku Chileka. Panjira tinapeza masamba atayalidwa pamsewu, kusonyeza kuti pamudzipo pagwa maliro. Tinatsika n'kumakankha njinga. Ndinawanong'oneza kuti, "Achimwene, vulani chisoticho, anthu akutiyang'ana." Anavula n'kundipatsira.

Titadutsa masamba achiwiri tinakweranso tikucheza, chisoti chili m'manja mwanga. Pamtsetse mabuleki anakana kugwira. Ine ndinangosupuka chigongono, koma iwo anamenyetsa mutu pamwala. Mawa lake masamba anayalidwa pamsewu wakwathu.

Inu apanjinga, pamaliro vulani ndithu, ndiwo ulemu, koma musapondenso pedulo musanavale. Chisoti chija ndikadali nacho mpaka lero, chosaphwanyika pena paliponse.