Chaka Chimene Ndinayanika Maekoni Padzuwa

Tasenderani kuno, adzukulu anga, ndowazo ikani kaye pansi. Iwe Tadala, foniyo ilowe m'thumba, siithawa. Musanayambe kutola, ndikuuzeni kumene mtengo uwu unachokera, chifukwa inu mumangoudziwira mthunzi.

Chaka chimene mayi anu anatitengera kuno ku Amereka, ine ndi agogo anu aakazi, tinafikira ku South Bend, ndipo iwe Yamikani, amene lero ukumeta ndevu, unali usanamere n'komwe mano. Masiku ano mukafuna ufa kapena usipa mumangodiraiva mpaka kumasitolo a ku Lafayette Road, koma nthawi imeneyo tinkadikira wina wochokera kumudzi, ndipo wocheza naye m'Chichewa tinkamuona Lamlungu lokha. Mayi anu akapita ku shifiti kuchipatala, ine wokulira pakhasu ku Dowa ndinkangozungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira.

Kuseri kwa nyumba ya lendi ija kunali mtengo wa oki, waukulu woti anthu atatu ogwirana manja sakanauzungulira. Ndinkaswera patsinde pake, ndipo musaseke, ndinkaulankhula. Unali mnzanga woyamba m'dziko lino, ndipo sunandiuzepo kuti ndibwereze zimene ndanena.

Chaka chachiwiri, masamba atayamba kufiira, mwini nyumba anabwera n'kunena kuti mtengo waola m'kati ndipo wapendekera kudenga, audula sinowo asanagwe. Tsiku limenelo chakudya sichinalowe. Koma tinali ndi neba, Mayi Joyce, mphunzitsi wopuma ntchito, amene chaka chilichonse ankatola njere za oki, maekoni amenewa, n'kukapereka ku nazale yofesa mitengo ya kuno, chifukwa ikuluikulu ikutha koma ing'onoing'ono siikumera. Anandiuza kudzera mwa mayi anu kuti oki sabereka chaka chilichonse, koma wathuyu wabereka ngati akudziwa kuti akupita. Tinapangana kuti ine nditole, iwo akabwerako kuchokera kokaona mwana wawo pakatha masabata atatu adzatenge, kuti mnzanga uja asiye ana.

Ndinatola, adzukulu anga, mpaka msana unandidandaula. Ndipo sindinali ndekha, panali agologolo. Ine ndikatola njere imodzi, iwo zitatu, kenako ankakafukula kadimba kanga ka mpiru kumpanda. Ndinawagenda ndi masilipasi mpaka limodzi linakagwera kwa aneba. Agogo anu ali pawindo amvekere, "Abanda, mwawoloka nyanja kudzalimbana ndi mbewa zamichira yaubweya?"

Mayi anu, akuvala nsapato kuthamangira ntchito, anandiuza kuti a Joyce anati njerezo ndiziike m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi kansalu konyowa, n'kuzisunga mufiriji. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Mbewu mufiriji, yasanduka nyama? Ine ndasunga chimanga, mtedza, nyemba, moyo wanga wonse, ndipo mbewu imene sinaume ndi chakudya cha nkhungu, zimenezo ngakhale mwana kwathu amadziwa. Ndinati mumtima, mayiwa ndi ophunzira, koma ulimi andisiyire ine. Ndinayala zitenje ziwiri pasimenti, n'kuyanika maekoni onse padzuwa, ine pambali ndi ndodo kulondera. Kukazizira ndinkawalowetsa pafupi ndi hita. Anauma bwino zedi, ukagwedeza limodzi linkalira ngati maseche, ndipo ndinanyadira.

Mayi Joyce atabwera anatunga madzi m'ndowa n'kuthiramo chikho chimodzi cha njere. Anandionetsa ndi manja kuti yamoyo imamira, yakufa imayandama. Zonse zinayandama. Anathira china, chimodzimodzi. Thumba lonse, Tadala, osamira ngakhale imodzi ya mankhwala. Pamenepo m'pamene ndinamva kuti ekoni likauma, mtima wake wafa. Mayi aja sanandiseke, anangondigwira paphewa, koma agogo anu sanandisiye: "Safunsa anadya phula, koma inu Abanda munachita kuuzidwa, n'kudyabe."

Ndinathamangira patsinde, koma pansi panali posesa, agologolo atamaliza zonse. Sabata yomweyo anabwera anthu a makina, ndipo pofika masana panangotsala chitsa chachikulu ngati tebulo. Madzi akatayika saoleka. Nyengo yozizira yonseyo sindinkafuna kuyang'ana pawindo lakuseri, chifukwa mnzanga anandisungitsa ana, ine n'kuwawotcha ndi nzeru zanga.

Sinowo atasungunuka, dothi litafewa, ndinatenga khasu kukakonza kadimba kaja. Ndinapeza timitengo tachilendo tamasamba ofiirira, ndipo ndinazula kamodzi ngati udzu. Ndikukweza khasu kuti ndisadze tinato, agogo anu anatola kozulidwa kaja.

"Abanda, taimani. Taonani chili kumuzuku."

Linali ekoni, litang'ambika pakati, muzu wautali ngati chala changa ichi. Tinagwada tonse awiri kuwerenga, tinapeza mitengo isanu ndi iwiri. Akuba aja, amene ndinkawagenda, sankangofukula mpiru wanga. Ankakwirira njere m'dothi lonyowa ndi lozizira, ndipo zina anaziiwala. Mayi Joyce atabwera kudzaona anaseka mpaka misozi, ine ndinavula chipewa kulonjera gologolo amene anali pampanda. Anangogwedeza mchira n'kuthawa, mwina ankakumbukira silipasi.

Isanu Mayi Joyce anapereka kwa anzawo odzala mitengo m'mbali mwa mtsinje. Iwiri ndinaikumba mozama kuti muzu usaduke, n'kuilera m'ndowa zazitali, ndipo mayi anu atapeza ntchito ku Indianapolis, tinabwera nayo kuno ku Beech Grove, ine nditakhala kumbuyo kwa galimoto, ndowa pakati pa miyendo, ulendo wonsewo. Umodzi anaudya akalulu. Wina ndi uwu mwatsamirawu. Zaka zoposa makumi awiri ndaudikira, agogo anu anatsogola osaona chipatso chake, koma chaka chino, kwa nthawi yoyamba, wagwetsa maekoni.

Inu a lero mukafuna kudziwa kanthu mumangogugula pafoni, ndipo n'zabwino, sindikukana. Koma kaya ndi foni kaya ndi neba, mukauzidwa za dziko la eni ake muzimva, chifukwa nzeru ya ku Dowa ndi yoona ku Dowa. Tsopano nyamulani ndowa. Zoboola ndi mphutsi musiye, zotsalazo muziyese m'madzi, zomira zipite mufiriji, Loweruka Yamikani akapereke ku nazale. Koma musasese zonse, kumpanda uko musiyireko alimi anzanga.

Ndipo ana anu akadzakhala pamthunzi uno, mudzawauzeko za nkhalamba imene inayanika maekoni padzuwa. Ngakhale m'Chingerezi chanucho, palibe kanthu, bola musadzaiwale kutchula agologolo.