Wotchi ya Esinati

Ndinataya mkazi. Ndinataya ntchito ya m'madzi. Ndinataya nyumba ija ya ku Ingagula, ya mtengo wa mandimu pakhomo. Ndipo kwa zaka zitatu ndinataya pakamwa.

Moni abale ndi alongo, m'dzina la Ambuye. Moni abusa. Moni amayi NaPhiri, apongozi anga, amene mwakhala kumbuyoko ndi mdzukulu wanu Tadala. Ndilankhula kwa mpingo wonse, koma makamaka kwa inu.

Ndine Wilisoni. Agogo anga anachoka ku Dedza kudzakumba malasha kuno ku Hwange. Ine sindinagwire fosholo. Ndinapita kukoleji, ndinaphunzira za mapampu, kenako ndinaphunzira kumira m'madzi ndi botolo la mpweya kumsana. Esinati ndinakumana naye kumaphunziro omwewo. Tinakwatirana, ndipo tinkagwira ntchito limodzi pa kampani yaing'ono, kuchotsa matope pa mapampu omira m'maenje akale a malasha.

Abale, madzi akuya ali ndi lamulo. Ukakhalitsa pansi, mpweya umalowa m'magazi. Ukatuluka mofulumira, magazi amachita thovu ngati botolo la soda lotsegulidwa mwadzidzidzi. Nchifukwa chake timavala kakompyuta pamkono. Ife tinkangoti wotchi. Imakuuza kuti ima apa, dikira, tsopano kwera.

Wotchi imeneyi umaitchera wekha. Pa ziro, imakumasula msanga. Pa thu, ndiye kuti pa 2, imakusunga nthawi yaitali. Yanga inali pa ziro. Ya Esinati inali pa thu, chifukwa tsiku lina phewa linamupweteka atatuluka m'madzi, ndipo mphunzitsi wathu anamuuza kuti asadzachokepo.

Ndinkaziyerekeza tsiku lililonse. Tamira limodzi, dzenje limodzi, kuya kumodzi. Yanga ikuti kwera, yake ikuti dikira. Ndinkagwira chingwe m'madzi akuda, ndikuzizidwa, ndikumuyang'ana. Tikatuluka ndinkamunena kuti wotchi yake ndi yamantha ngati dikoni wosunga makiyi a tchalitchi. Iye ankaseka, nati yanga ili ngati kondakitala wa kombi, amene amati pali malo pomwe anthu akhalirana pamiyendo.

Ndinali ndi dipuloma, abale. Ndinawerenga timabuku ta mawotchi onse awiri. Ndinajambula mizere papepala patebulo lathu. Ndinamuuza kuti ngati ine ndimatuluka bwino pa ziro, iyenso angatuluke bwino. Anandiyankha kuti pepala lilibe phewa.

Linafika tsiku lina, chaka chija mafuta anasowa. Tinafunika kumira katatu kuti pampu idzuke, ndipo lole yotitenga inali ndi dizilo ya ulendo umodzi. Mmawa umenewo Esinati anandipatsa wotchi yake kuti ndiikemo batire latsopano. Iye ankasambitsa mwana.

Ndinaikamo batire. Kenako ndinadina kabatani kawiri. Thu inakhala ziro.

Sindinamuuze.

Tinamira katatu. Tsiku limenelo mawotchi athu anagwirizana kwa nthawi yoyamba, ndipo tinakwera limodzi. Ndinanyada, abale. Ndinanyada! Tikubwerera pa lole, tisanafike pa Thomson Junction, mwendo wake unafooka. Kenako mkono. Kenako lilime. Madokotala anachita zomwe akanatha, koma chipinda chochizira matendawa chinali kutali, kunja kwa dziko lino. Anakhala masiku awiri akundiyang'ana osalankhula. Tsiku lachitatu anapita.

Ine ndinalibe ngakhale litsipa. Dzenje limodzi, kuya kumodzi.

Pamaliro munandigwira dzanja. Munati ndi chifuniro cha Mulungu. Ena kukomboni ya Lwendulu ankanong'ona kuti m'dzenje lija muli mizimu ya amene anafera mumgodi. Ndinawasiya anene. Mizimu inandisenzera mlandu, ndipo ndinailola. Apongozi anga ankandiphikira, ankandichapira, ankanditcha mwana wawo. Ndinkadya. Wotchi ndinaibwezera pa thu usanathe mwezi, kuti wina akaiona asafunse.

Musaganize kuti ndinkapemphera. Ndinkamufunsa Mulungu chifukwa chake anapanga matupi osiyana osandiuza. Koma anandiuza. Anandiuza kudzera mwa mphunzitsi. Anandiuza kudzera m'phewa la mkazi wanga. Anandiuza pamkono pake tsiku lililonse, ine ndikuseka.

Chinanditembenuza si loto, si mlaliki. Mwezi wathawu amayi NaPhiri anabwera ndi wotchi ija, atatola m'katundu wa malemu. Anaiika m'manja mwanga. Anati, "Bambo a Tadala, kanthu aka akuti kamateteza anthu. Nanga mwana wanga kanamunamiziranji?"

Ndinati sindikudziwa. Linali bodza langa lomaliza.

Amayi, sikananame. Kanali kunena zoona zaka zonse. Ndine ndinakatseka pakamwa, ndi chala ichi. Sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Mukafuna kuti ndisalowenso pakhomo panu, ndimva. Ndikungopempha kuti musamanenenso mizimu, musamanenenso Mulungu.

Lero ndimakonza mapampu pamtunda. M'madzi sindilowanso. Anyamata omira akabwera kudzandifunsa kuti wotchi yabwino ndi iti, ndimawauza kuti ndi imene ikukusunga nthawi yaitali. Ndimawauza kuti awiri akamira, amamvera ya wochedwa. Ndimawauzanso kuti wotchi ya mnzako sugwira. Ena amaseka. Ndimawadziwa, ndinali ine.

Ndikuthokoza Mulungu kuti wanditsegula pakamwa. Zina sindinafike pomuthokoza, ndipo sindinamiza mpingo. Zikomo abusa pondipatsa mpata. Zikomo abale pondimvera.

Amayi, munandifunsa kangapo mawu ake otsiriza, ndipo ndinkati sindikukumbuka. Ndikukumbuka. Tinali titangotuluka, akuvula botolo, madzi akutsika m'tsitsi. Anayang'ana pamkono, anandiyang'ana, namwetulira.

"Bambo a Tadala, lero simunandidikire m'madzi ozizira. Batire lanu labwino. Zikomo."