Bondo, Chiuno, Kapena Musabwere

Ndinaimika njinga yanga pamsika wa Chama, kudikira woigula. Moni abale mwa Ambuye. Sindine wa mawu ambiri, koma izi ndinene.

Zaka zitatu ndinkajambula magalimoto otitimira m'matope pamtsinje wa panjira ya ku Kambombo. Ndinkaika mavidiyo pa intaneti, anthu n'kumaseka. Oonera anali ambiri, otsatsa malonda ankaikapo zawo, ine n'kumalandirako kangachepe. Munda ndinautaya. Kenaka zinangouma. Mavidiyo anasiya kufika kwa anthu, ndalama zinaleka. Ukadandaula kwa ndani, bwana wake sunamuonepo?

Chimanga chinatha m'nkhokwe mvula ili pakati. Mkazi wanga anasiya n'kundifunsa komwe. Pemphero langa linali lalifupi: "Ambuye, ndatopa." Chotsala chinali njinga, ndipo popanda iyo kumtsinje sindikanafikanso.

Pamsikapo anandipeza amayi Mwale, namwino woyenda m'midzi. Ndinawazindikira. Dzinja lapitalo ndinawajambula atagwa m'matope ndi bokosi la katemera.

"A Goma, si ndinu munandionetsa dziko lonse miyendo ili m'mwamba?"

Ndinayang'ana pansi.

"Manje mverani. Pamtsinje mumafika m'mawa uliwonse. Bwanji osatiuza pamene pafika madzi tisananyamuke? Zoseka tatopa nazo. Tizikulipirani pamwezi."

Anatsegula gulu la pafoni. Analowamo anamwino, aphunzitsi ndi onyamula chimanga. Ndi ochepa, onse ndimawadziwa maina. Ndinakhoma mtengo m'mphepete mwa madzi n'kusemapo mizere itatu. M'mawa ndimajambula mtengowo n'kunena chimodzi: bondo, chiuno, kapena musabwere. Basi.

Sindinalemere. Miyendo imawawa, mvula imandinyowetsa. Koma ufa ulipo, njinga ilipo, katemera amafika kwa ana ali wouma. Ndikuthokoza Mulungu amene anandipulumutsa kudzera mwa munthu yemwe ndinamuchititsa manyazi. Inu amene mwatopa, pirirani. Musafulumire kugulitsa chotsala.

Sabata yatha lole ya mlendo inatitimira pomwe paja. Bambo wina anakuwa: "A Goma, jambulani! Iyi anthu adzaionera heve, mwaunyinji!"

Foni ndinali nditaitulutsa kale, koma ndinaibweza m'thumba. Tinakankha loleyo mpaka inatuluka. Ndinatenga njinga yanga n'kumapita.