Thukuta la Scholastica

Pa siteji ya Golomoti, amayi awiri osadziwana anakhala pa thumba limodzi la mpunga kudikira minibasi. Wamkuluyo anali atamanga kansalu kudzanja.

"Pepani mayi, dzanjali mwatani?"

"Ndinamenya khoma, mwanawe. Ndimafuna kupukuta mwana wanga thukuta."

"Khoma ndi thukuta zikugwirizana bwanji?"

"Scholastica wanga amaimba m'bandi ku Joni. Zaka zisanu osamuona. Ndiye mchimwene wake anabwera ndi magalasi ochitira magemu aja, omanga kumutu, ophimba maso onse. Akuti valani, akuimba pompano."

"Munamuona ngati pa TV?"

"TV yanji! Ndinali m'holo momwemo. Kucheuka uku anthu, uku ng'oma. Iye ali apa, pomwe mwakhala inupa. Mpaka ndinapereka moni kwa bambo wina pambali panga, koma sanandiyankhe."

"Mwanayo ali bwino?"

"Waonda pang'ono. Koma pokweza mawu amatsinzinabe ngati malemu bambo ake m'kwaya ya ku Mua. Thukuta linali kamukamu. Mukudziwa kuno, woimba akafika pamenepo sitikhala pansi. Timalowa m'bwalo ndi nthungululu n'kumupukuta. Ndinavula mpango, n'kuthamanga. Phu! Khoma la nyumba yanga yomwe."

"Mayo! Iye anakuonani?"

"Ayi. Akuti zimaona mbali imodzi."

"Ndiye simudzavalanso zimenezo."

"Loweruka akuimbanso. Ndauza mchimwene wake kuti ulendo uno andikhazike panja, kopanda khoma. Mpango ndachapa kale."